Kubadwa kwa Yesu ndi Malemba a Chiheberi: mafunso ndi mayankho

Disembala aliyense tikamaphunzitsa ana a Sande sukulu sewero la Khirisimasi, pamakhala mwana mmodzi amene timamupatsa gawo la mneneri. Timamuveka nsalu yoyera, timamumatira ndevu za thonje, iye n'kuimirira kutsogolo n'kufuula kuti namwali adzaima nadzabala mwana wamwamuna. Akatero amakhala pansi, gawo lake latha. Ine ndinakula ndikuganiza kuti ntchito ya aneneri pa nkhaniyi ndi yokhayo. Maganizowo anasintha nditayamba kutsegula malo amene Mateyu ndi Luka anatapako mawu awo, n'kumawerenga mutu wonse m'malo mwa vesi limodzi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pa maphunziro a Baibulo, ndipo ena ndinkadzifunsa ndekha.

Kodi nkhani ya kubadwa kwa Yesu ikupezeka m'mabuku ati?

M'mabuku awiri okha: Mateyu 1 ndi 2, komanso Luka 1 ndi 2. Maliko akuyamba Yesu ali wamkulu kale pa mtsinje wa Yorodano, ndipo Yohane akuyambira pa chiyambi cha zonse. Sewero lathu limasakaniza nkhani ziwirizi. Abusa, kalembera ndi chodyera cha ziweto ndi za Luka. Nyenyezi, anzeru a kum'mawa, Herode ndi ulendo wa ku Igupto ndi za Mateyu. Akatswiri ambiri amati mabuku onse awiri analembedwa m'Chigiriki cha pakati pa zaka za 80 ndi 90 AD.

Malemba a Chiheberi ndiye ati, nanga olembawa ankawawerenga bwanji?

Ndi amene ife timati Chipangano Chakale, Ayuda amati Tanakh: Chilamulo, Aneneri ndi Zolemba. Koma Ayuda ambiri a nthawi imeneyo, makamaka okhala kunja kwa Yudeya, ankawawerenga m'Chigiriki, m'matanthauzidwe otchedwa Septuagint amene anayambika mumzinda wa Alexandria zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Luka amatsamira kwambiri pa Chigirikicho. Mateyu nthawi zina amatsata Chigiriki, nthawi zina amayandikira Chiheberi.

Chinanso n'chakuti mipukutu yawo inalibe manambala. Mitu imene tili nayo lero inakonzedwa ndi Stephen Langton m'zaka za m'ma 1200, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi Robert Estienne mu 1551. Munthu wakale akatchula mzere umodzi, ankadzutsa ndime yonse m'makutu a omvera. Agogo akati "walira mvula", safunika kumaliza. Tonse tamva kale za matope. Owerenga oyamba a Mateyu ankamva mavesi ake chimodzimodzi, ndipo ife amene timangodziwa theka la mwambiwo timataya zambiri.

Yesaya 7:14 ankanena za Yesu kapena za mwana wina?

Tsegulani mutuwo kuyambira vesi 1. Ndi cha m'ma 734 BC, Yerusalemu ali pangozi. Rezini mfumu ya Aramu ndi Peka mfumu ya Israele agwirizana zodzagwetsa Ahazi mfumu ya Yuda n'kulonga munthu wawo. Lemba likuti mtima wa mfumu ndi wa anthu ake unagwedezeka ngati mitengo ya m'nkhalango pa mphepo. Yesaya akukumana ndi Ahazi pa ngalande ya madzi, atatenga mwana wake Seari-Yasubu, n'kumuuza kuti asaope zikuni ziwiri zongofuka utsizo. Akumuuzanso kuti apemphe chizindikiro, koma Ahazi akukana, ati sakufuna kuyesa Yehova. Maso ake anali kale kwina: 2 Mafumu 16 ikutiuza kuti anatenga siliva ndi golide wa m'Kachisi n'kutumiza kwa Tigilati-Pilesere mfumu ya Asuri kuti adzamupulumutse.

Apa m'pamene chizindikiro chikuperekedwa. Mkazi adzabala mwana, dzina lake Imanueli, ndipo vesi 16 likuti mwanayo asanadziwe kukana choipa ndi kusankha chabwino, dziko la mafumu awiriwo lidzakhala bwinja. Zinaterodi: Damasiko anagwa mu 732 BC, Samariya mu 722 BC. Choncho mawuwa anali ndi ntchito yake m'masiku a Ahazi. Chizindikiro choti chidzaoneka patapita zaka 700 sichikanathandiza mfumu imene adani anali pakhomo.

Mwanayo anali yani? Ayuda akale ena ankati ndi Hezekiya, mwana wa Ahazi. M'buku la Justin Martyr, wolemba wachikhristu wakale, la cha m'ma 160 AD, Myuda wotchedwa Trypho akunena zimenezi. Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini, anatsutsa powerengera zaka za pa 2 Mafumu 16:2 ndi 18:2, zimene zikusonyeza kuti Hezekiya anali atabadwa kale Ahazi asanalowe ufumu. Rashi, mphunzitsi wamkulu wa Chiyuda wa ku France amene anamwalira mu 1105, ankati ndi mwana wa Yesaya mwini. Mateyu sakukana mbiri imeneyi. Iye akuona nyumba ya Davide ilinso pangozi, ndipo akuti dzina lija, Mulungu ali nafe, lapeza mwini wake weniweni. N'chifukwa chake buku lake likutha ndi mawu a Yesu pa 28:20 oti ali nafe masiku onse. Anatsegula ndi Imanueli, anatsekanso ndi Imanueli.

Nanga mkangano wa mawu oti "namwali" ndi wotani?

Chiheberi chili ndi mawu oti almah, mtsikana wotha msinkhu wokwanira kukwatiwa. Amagwiritsidwa ntchito ponena za Rebeka pa Genesis 24:43 ndi mlongo wake wa Mose pa Eksodo 2:8. Mpukutu wa Yesaya umene unapezeka m'phanga ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, mu 1947, wokopedwa Yesu asanabadwe, ulinso ndi mawu omwewa. Omasulira Septuagint anaikapo parthenos, amene nthawi zambiri amatanthauza mkazi wosadziwa mwamuna, ndipo Mateyu 1:23 akutsata amenewa. Omasulira a Chiyuda a pambuyo pake, monga Aquila, anasankha neanis, mtsikana chabe. Mkanganowu unabukanso ku America mu 1952 pamene Baibulo la Revised Standard Version linamasulira vesili ngati mkazi wachitsikana, anthu ena n'kukwiya kwambiri.

Ife a Chichewa tili ndi mwayi pamenepa. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, lili ndi "namwali" m'malo onse awiri, ndipo mawu athuwa amafanana kwambiri ndi almah. Namwali ndi mtsikana wotha msinkhu, wa ku chinamwali. Timayembekezera kuti sanadziwe mwamuna, koma mawuwo pa okha akunena za msinkhu. Akatolika akafuna kunena mosaphonya amati Virigo Maria. Dziwaninso kuti Mateyu sakudalira mawu amodziwa ayi. Pa 1:18 ndi 1:25 akunena poyera kuti Yosefe anali asanakhale naye malo amodzi, ndipo Luka akunena zomwezo pa 1:34 osatchula n'komwe dzina la Yesaya.

Kodi Mateyu sanapotoze Malemba powachotsa pamalo pake?

Funsoli ndi loyenera, ndipo malo abwino oliyesera ndi Mateyu 2:15, "Ndinaitana mwana wanga atuluke m'Igupto." Mawuwa ndi a Hoseya 11:1, ndipo kumeneko si ulosi wa zam'tsogolo n'komwe. Mneneri akukumbutsa zakale: Israele ali mwana Mulungu anamukonda, namuitana kuchoka ku Igupto, koma vesi lotsatira likuti mwanayo anapita kukapereka nsembe kwa Abaala. Mateyu sakanalephera kuona zimenezi. Anachita kusankha mawu a Chiheberi oti "mwana wanga", pamene Septuagint ili ndi "ana ake".

Chimene akuchita n'kuonetsa Yesu akuyenda njira imene Israele anayenda. Onani mmene mitu yotsatira ikuyendera: atuluka m'Igupto, adutsa m'madzi pa ubatizo, akhala m'chipululu masiku 40 monga Israele anakhalamo zaka 40, ayankha woyesayo ndi mawu a Deuteronomo 6 ndi 8, kenaka akwera phiri kukaphunzitsa. Kwa Mateyu "kukwaniritsa" n'kudzaza chinthu mpaka pakamwa, osati kungoona ngati zolosera zachitika. Ndipo kawerengedwe aka sikanali kachilendo. Ayuda a ku Qumran analemba ndemanga pa buku la Habakuku zonena kuti mawu a mneneriyo akukamba za mphunzitsi wawo ndi adani a m'masiku awo. Myuda wa lero akanena kuti Hoseya ankanena za Israele, akunena zoona, ndipo Mkhristu sayenera kulimbana naye pamenepo.

Bwanji Mika 5:2 ikusiyana ndi mmene Mateyu waitchulira?

Ikani chala pa Mika, china pa Mateyu 2:6. Mika akuti Betelehemu Efrata ndi wamng'ono pakati pa mabanja a Yuda. Mateyu akuti Betelehemu sali wamng'ono konse. Kumapeto akuwonjezera kuti mtsogoleriyo adzaweta anthu anga Israele, mawu amene mafuko anauza Davide ku Hebroni pa 2 Samueli 5:2, ngakhale Mika 5:4 nayenso akukamba za kuweta. Wasoka nsalu ziwiri kukhala imodzi. Mwa mavesi onse a mu Mateyu 2, ili ndi limene anthu ankalimva kale ngati lonena za Mesiya. Yohane 7:42 akuonetsa khamu likutsutsana pa mfundo yomweyi. Betelehemu ndi kwawo kwa Davide, kumene Samueli anamudzoza atamuitanitsa ku nkhosa.

Rakele akulowa bwanji pa nkhani ya ana ophedwa ndi Herode?

Rakele anamwalira pobereka Benjamini, ndipo Genesis 35:19 ikuti anaikidwa pa njira ya ku Efrata, ndiye Betelehemu. Patapita zaka mazana ambiri, Ababulo atawononga Yerusalemu cha m'ma 586 BC, anasonkhanitsa ogwidwa ku Rama, pafupifupi makilomita 8 kumpoto kwa mzindawo, asanawayendetse ulendo wa ku ukapolo. Yeremiya mwini anali pakati pawo atamangidwa maunyolo, monga ikunenera Yeremiya 40:1. Ndiye pa 31:15 mneneriyo akumva mayi wa fuko akulira ali m'manda, akukana kutonthozedwa chifukwa ana ake palibe.

Aliyense amene anakhalapo pa maliro a mwana amadziwa kulira kumeneku. Amayi anzake amamugwira m'mapewa, a mvano amayambitsa nyimbo, koma iye amangoitana dzina la mwanayo. Mateyu sakufulumira kumutontholetsa. Yeremiya 31:16 ndi 17 akupitiriza kuti leka kulira, ana ako adzabwerera kwawo, ndipo mutu womwewo pa vesi 31 ndi umene ukulonjeza pangano latsopano, koma Mateyu akuima pa kulira. Pali kanthu kenanso kakang'ono kamene kamandigwira mtima. M'malo ena amalemba kuti izi zinachitika "kuti chikwaniritsidwe" chonenedwa ndi mneneri. Pano akungoti "pamenepo chinakwaniritsidwa", ndipo akuteronso pa 27:9 pa ndalama za Yudasi. Akupewa kunena kuti imfa ya anawo inali cholinga cha Mulungu. Alaliki amene amauza ofedwa kuti zonse n'chifuniro cha Mulungu akanaphunzirapo kusamala kumeneku.

"Adzatchedwa Mnazarayo" ili pati m'Chipangano Chakale?

Palibe vesi lotero, ndipo mudzi wa Nazarete sutchulidwa n'komwe m'Chipangano Chakale. Mateyu 2:23 mwini akuti "aneneri", osati mneneri mmodzi. Ambiri amaloza ku Yesaya 11:1, kumene mphukira yotuluka pa tsinde la Jese ikutchedwa netzer. Ena amaloza ku Oweruza 13:5, kumene mngelo akuti Samsoni adzakhala nazir, wopatulidwa kwa Mulungu, ndipo adzayamba kupulumutsa Israele. Kungakhale kuseweretsa mawu onse awiri, monga timachitira ndi mayina a ana kwathu kuno.

Kodi pali nkhani zakale zimene Mateyu akuzitsata osazitchula?

Zilipo, ndipo ndiye msana wa nkhani yake. Yoyamba ndi ya Yosefe. Mateyu 1:16 ikuti bambo a Yosefe anali Yakobo, ndipo Yosefeyu akulandira mauthenga m'maloto, n'kupita ndi banja ku Igupto kuti lipulumuke. Mwana wa Sande sukulu aliyense amadziwa Yosefe wina, mwana wa Yakobo, wolota maloto, amene anapulumutsira abale ake ku Igupto komweko.

Yachiwiri ndi ya Mose. Mfumu yamantha ikulamula kuti ana aamuna aphedwe, koma mmodzi akupulumuka. Pa Eksodo 4:19 Mulungu akuuza Mose kuti abwerere chifukwa onse ofuna moyo wake afa. Pa Mateyu 2:20 mngelo akuuza Yosefe kuti ofuna moyo wa mwanayo afa, ngakhale amene wamwalira ndi Herode yekha. Kuchulukitsako kwachokera ku Eksodo. Josephus, wolemba mbiri wa Chiyuda amene anamaliza buku lake lalikulu cha m'ma 93 AD, akusimba nkhani ya Mose monga inkakambidwira m'masiku ake: mlembi wina anachenjeza Farao kuti kudzabadwa mwana wodzatsitsa Aigupto, n'chifukwa chake analamula kupha ana, ndipo Mulungu analankhula ndi Amuramu, bambo a Mose, m'maloto. Zimenezi mulibe mu Eksodo, koma zikufanana kwambiri ndi Herode, alembi ake ndi maloto a Yosefe.

Nyenyezi, mafumu atatu, ngamila, ng'ombe ndi bulu zachokera kuti?

Nyenyezi ambiri amailumikiza ndi Numeri 24:17. Balamu, mlauli wachikunja wochokera ku mapiri a kum'mawa, anaitanidwa ndi Balaki mfumu ya Mowabu kuti atemberere Israele, koma iye anadalitsa, nanena kuti nyenyezi idzatuluka mwa Yakobo. Ayuda ankalimva vesili ngati la Mesiya, moti mtsogoleri wa nkhondo yolimbana ndi Aroma ya mu 132 mpaka 135 AD anapatsidwa dzina loti Bar Kokhba, mwana wa nyenyezi. Mu Mateyu mulinso mfumu yofuna kugwiritsa ntchito anzeru akunja powononga, iwo n'kuthera pa kugwada.

Mateyu sakuti anali mafumu, sakutinso anali atatu. Chiwerengerocho chachokera pa mphatso zitatu. Zisoti za makatoni zimene timaveka ana zachokera ku Salimo 72:10 ndi 11, kumene mafumu a ku Seba akubwera ndi mitulo n'kugwada, ndipo Tertullian, wolemba wina wachikhristu wakale, analumikiza kale salimoli ndi anzeruwo cha m'ma 200 AD. Ngamila zachokera ku Yesaya 60:6, kumene zanyamula golide ndi lubani. Ng'ombe ndi bulu mulibe mu Luka. Akhristu akale anazitenga pa Yesaya 1:3, pamene akuti ng'ombe idziwa mwini wake ndi bulu chodyera cha mbuye wake, koma Israele sadziwa. Pamene Francis wa ku Assisi anakonza khola la Khirisimasi ku Greccio mu 1223, anabweretsa nyama ziwirizi zamoyo. Choncho mwambo wosoka Chipangano Chakale pa nkhaniyi sunathere pa Mateyu ndi Luka.

Mndandanda wa mayina wa pa Mateyu 1 uli ndi phindu lanji?

Ambiri timaudumpha, koma ndi Chipangano Chakale chonse chitapindidwa pa tsamba limodzi. Mayina atengedwa ku Rute 4:18-22 ndi 1 Mbiri 1 mpaka 3, n'kuikidwa m'magulu atatu a mibadwo 14. M'Chiheberi zilembo zinkagwiranso ntchito ya manambala, ndipo zilembo zitatu za dzina la Davide ndi 4, 6 ndi 4, pamodzi 14. Kuti chiwerengerocho chikwane, Mateyu wadumpha mafumu atatu pakati pa Yoramu ndi Uziya: Ahaziya, Yowasi ndi Amaziya. Mukhoza kuona nokha pa 1 Mbiri 3:11 ndi 12.

Muli amayi anayi osayembekezeka. Sara ndi Rebeka mulibe, koma muli Tamara wa pa Genesis 38, Rahabu wa ku Yeriko, Rute Mmowabu, ndi mkazi wa Uriya Mhiti. Onsewa nkhani zawo zinali zoti anthu n'kunong'onezana, ndipo ambiri ali ndi magazi kapena ukwati wachilendo. Akukonzera njira Mariya, amene pathupi pake pakanamuchititsa manyazi m'mudzi.

Ife a mbumba ya kuchikazi timafunsa kuti bwanji mzere ukudzera mwa Yosefe ngati sanali womubereka. Kwa Ayuda ufumu unkayenda kuchimuna, ndipo mwamuna akatcha mwana dzina ndiye kuti wamulandira kukhala wake. N'chifukwa chake mngelo akumutchula Yosefe kuti mwana wa Davide, n'kumulamula kuti atche dzinalo. Dzinalo nalonso ndi lakale: Yesu ndi Yoswa, kutanthauza kuti Yehova apulumutsa.

Luka satchula aneneri kawirikawiri. Kodi iye sanagwiritse ntchito Malemba akale?

Anagwiritsa ntchito kuposa Mateyu, koma mwa njira ina. Mavesi anayi oyamba a buku lake ndi Chigiriki chosalala cha anthu ophunzira. Kuyambira vesi 5 kalembedwe kakusintha n'kukhala ka Septuagint. Zili ngati munthu wayamba kalata m'Chichewa cha lero, kenaka n'kuyamba "ndipo kunali" ndi "taonani" za m'Buku Lopatulika. Womva amadziwa nthawi yomweyo kuti walowa m'nkhani yopatulika.

Zekariya ndi Elizabeti ndi okalamba, olungama, opanda mwana, monga Abrahamu ndi Sara. Funso la Zekariya loti adzadziwa bwanji ndi la Abrahamu pa Genesis 15:8. Mngelo ndi Gabrieli, amene m'Malemba a Chiheberi akupezeka m'buku la Danieli mokha, ndipo pa Danieli 9:21 akufika pa nthawi ya nsembe ya madzulo. Pa 10:15 Danieli akusowa chonena, monga Zekariya anakhala wosalankhula. Mwana wawo, Yohane Mbatizi, sadzamwa vinyo, monga mnaziri wa pa Numeri 6, ndipo adzatembenuza mitima ya atate kwa ana, mawu otsiriza a buku la Malaki onena za Eliya. Elizabeti ataima akuti Ambuye amuchotsera chitonzo pakati pa anthu, mawu a Rakele pa Genesis 30:23. Mayi aliyense amene anatchedwapo chumba pa chitsime kapena kwa apongozi safunika womumasulira vesi limeneli.

Nanga mawu a mngelo kwa Mariya ndi nyimbo yake?

"Udzaima, udzabala mwana wamwamuna, udzamutcha dzina lake" ndi kalankhulidwe kakale. Woyamba kuuzidwa motere ndi mngelo anali Hagara, kapolo wa ku Igupto wothawa kwa Sarai, ali pa kasupe m'chipululu pa Genesis 16:11. Mkazi wa Manowa, mayi a Samsoni, anauzidwanso zofanana pa Oweruza 13. Lonjezo la mpando wa Davide ndi ufumu wosatha ndi la mneneri Natani pa 2 Samueli 7:12-16. Mawu oti palibe chosatheka ndi Mulungu ndi amene Sara anamva ataseka pa khomo la hema pa Genesis 18:14. Mphamvu yomuphimba Mariya ikunenedwa ndi mawu a Chigiriki omwe Eksodo 40:35 ikunenera mtambo wophimba chihema. Ena amaonanso Bokosi la Chipangano: pa 2 Samueli 6 Davide akufunsa kuti Bokosi la Yehova lingadze bwanji kwa iye, ndipo likukhala miyezi itatu m'nyumba ya Obedi-Edomu, Elizabeti akufunsa chimodzimodzi za mayi wa Ambuye wake, ndipo Mariya akukhala naye miyezi itatu.

Nyimbo ya Mariya pa Luka 1:46-55 njoyenera kuiwerenga pambali pa ya Hana pa 1 Samueli 2:1-10. Hana anali mkazi wa pamitala, wosabala, wonyozedwa ndi mkazi mnzake Penina chaka ndi chaka, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera pomuona akupemphera milomo yokha ikugwedera. Pemphero lake linali loti Mulungu apenye kusauka kwa mdzakazi wake, ndipo Mariya akuimba kuti wapenyadi. Hana akuti okhuta apita kukagwira ganyu kuti apeze chakudya, anjala aleka kumva njala, ndipo waumphawi wachotsedwa pa dzala kukakhala ndi akalonga. Mariya akuti amphamvu atsitsidwa pa mipando yawo, anjala akhutitsidwa, olemera abwezedwa chimanjamanja. Timaiimba mofatsa m'tchalitchi, koma ndi nyimbo ya anthu amene nkhokwe zawo zimatha mu Januwale.

Ngati zonse zikufanana chonchi ndi nkhani zakale, kodi sanangozipeka?

Akatswiri amagawanika, ndipo ndi bwino kudziwa mfundo zawo. Okayikira amati Josephus, amene analemba nkhanza zambiri za Herode, kuphatikizapo kupha mkazi wake Mariamne ndi ana ake atatu, sakutchula za ana a ku Betelehemu. Amatinso Herode anamwalira mu 4 BC pamene kalembera wa Kureniyo, amene Luka amamulumikiza ndi kubadwa kwa Yesu, Josephus amamuika mu 6 AD. Mateyu akuonetsa banjali lili m'nyumba ku Betelehemu n'kusamukira ku Nazarete poopa Arikelao mwana wa Herode, pamene Luka akuliyambitsira ku Nazarete n'kulibwezera komweko atatha za m'Kachisi. Mfundozi n'zenizeni, sizithetsedwa ndi kukalipa.

Mbali inayo ilinso ndi mfundo zake. Olemba awiriwa akusimba mosiyana kwambiri, komabe akugwirizana pa mayina a Mariya ndi Yosefe, pa fuko la Davide, pa pathupi pobwera mwa Mzimu Woyera awiriwo asanalowane, pa dzina loperekedwa ndi mngelo, pa Betelehemu, pa masiku a Herode ndi pa kukulira ku Nazarete. Raymond Brown, wansembe wa Katolika amene analemba buku lalikulu pa nkhaniyi mu 1977, anaona kuti zimenezi zikuloza ku mwambo wakale kuposa mabuku onse awiri. Ine chimene chimandilemera n'chakuti munthu wopeka nkhani kuchokera ku maulosi akanasankha mavesi osavuta. Sakanavutika ndi Hoseya wonena zakale, kapena ndi Nazarete wopanda vesi. Pamenepo zikuoneka kuti nkhani inalipo kale, wolemba n'kupita kukaifunira mawu. Koma sindikana kuti kasimbidwe kake kaumbidwa ndi Mose, Yosefe ndi Hana. Olembawo anachita dala, ndipo ankafuna kuti tizindikire.

Bwanji Mariya ndi Yosefe anapereka mbalame ku Kachisi?

Apa ndi pamene Luka akutchula Chilamulo mwachindunji, pa 2:22-24. Levitiko 12 ikuti mwana wamwamuna adulidwe tsiku la 8, ndipo mayi akhale masiku 7 kuwonjezapo 33, onse 40, asanapite ku malo opatulika. Nsembe yake ndi mwana wa nkhosa wa chaka chimodzi pamodzi ndi mbalame imodzi. Vesi 8 likuwonjezera kuti ngati chuma chake sichifika pa nkhosa, atenge njiwa ziwiri kapena maunda awiri. Luka sakunena kuti banjali linali losauka. Akungotchula njiwa ziwiri, ndipo wodziwa Levitiko wamva.

Lamulo la mwana woyamba pa Eksodo 13 ndi Numeri 18:16 linkafuna kuti awomboledwe ndi masekeli asanu. Luka satchula ndalamazo. Akuonetsa mwana akuperekedwa kwa Ambuye, monga Hana anapereka Samueli ku Silo, ndipo pa 2:52 akutseka ndi mawu a 1 Samueli 2:26 oti mwanayo anakula nakondedwa ndi Mulungu ndi anthu. Simeoni wokalamba akuyembekezera chitonthozo cha Israele, mawu otsegulira Yesaya 40, ndipo atanyamula khandalo akulitcha kuunika kwa anthu a mitundu ina, kuchokera pa Yesaya 42:6 ndi 49:6. Pambali pake pali mneneri wamkazi wamasiye wa fuko la Aseri, wosachoka m'Kachisi usana ndi usiku. Dzina lake m'Chigiriki ndi Anna, ndipo m'Septuagint mayi ake a Samueli amalembedwa ndi dzina lomweli.